Mtengo Wokula Msanga pa Bwalo Laling'ono: Phunziro la ku Harare

Mwezi wa Novembala ukamapita kumapeto, mitambo ya mvula itayamba kusonkhana pamwamba pa Harare, m'masitolo a mbewu a ku Mbare, Highfield, Glen View ndi Mabvuku mumamveka pempho lomwe ambirife tinalizolowera. Mayi amagula timapaketi ta repu ndi tomato, ndipo asanatuluke amaloza mbande zomwe zandandalikidwa pakhonde n'kunena kuti, "Bambo, mundisankhireko mtengo wokula msanga, pakhomo panga palibe mthunzi." Wogulitsa wachangu amanyamula chubu chomwe chili pafupi, nalandira ndalama, n'kuyesa kuti malonda atha. Koma malonda a mtengo satha tsiku lomwelo. Mbewu ya chimanga ikakhala yolakwika, mlimi amadandaula nyengo imodzi. Mtengo ukakhala wolakwika, banja limadandaula zaka khumi, ndipo dzina la sitolo komwe unagulidwa siliiwalika.

M'phunziro lino tiona momwe tingayankhire pempho la mayiyu. Mfundo yathu ndi imodzi: mtengo wokula msanga suleka kukula pamene bwalo lathera. N'chifukwa chake tiyenera kuyamba tadziwa bwalo, mtengo tisankhe pambuyo. Zitsanzo zathu zikuchokera m'malokeshoni a Harare, komwe kuli mabanja ambiri olankhula Chichewa omwe makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito, koma wogulitsa mbewu wa ku Ndirande, Kawale kapena Matero aona kuti bwalo tikunenali ndi lomwe lili kuseri kwa sitolo yake.

Bwalo lomwe tikunena

Mbare inakhazikitsidwa mu 1907 ngati malo okhala antchito achikuda, Highfield inatsatira m'zaka za m'ma 1930, ndipo pambuyo pake kunabwera Mabvuku, Mufakose, Kambuzuma, Dzivarasekwa, Glen View, Budiriro ndi Kuwadzana. Mapoloti a m'madera amenewa nthawi zambiri amakhala a masikweya mita pakati pa 200 ndi 300. Pa malo amenewa pali nyumba, zipinda zowonjezera za ochita lendi, chingwe choyanikira zovala, kadimba ka ndiwo zamasamba, ndipo kawirikawiri khola la nkhuku kapena akalulu. Malo otsala a mtengo ndi kamzere chabe kotsatira mpanda.

Chomwe sichioneka ndi maso ndicho chofunika kwambiri. Pansi pa nthaka pamadutsa paipi ya madzi akumwa ndi paipi ya suweji, ndipo m'malokeshoni akale mapaipi ambiri anaikidwa zaka zambiri zapitazo, pamene anthu anali ochepa kuyerekeza ndi lero. Muzu wa mtengo subowola paipi yabwinobwino. Umangotsatira chinyezi chomwe chikudontha pa mng'alu kapena polumikizira, n'kulowa ngati kaulusi. Ukalowa umapeza madzi ndi chakudya chosatha, umachita ziyangoyango, n'kuyamba kukola zinyalala mpaka paipi itatsekeka ndipo zonyansa zitasefukira pabwalo.

Anthu a ku Harare akudziwa mtengo wake wa suweji yosefukira. Mliri wa kolera wa 2008 ndi 2009 unapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse la Zimbabwe, ndipo Budiriro inali pakati pa madera omwe anavutika koposa. Mu Seputembala 2018 kolera inabukanso ku Glen View ndi Budiriro, zonyansa za m'mapaipi ophulika zitalowa m'zitsime ndi m'mijigo. Miliri imeneyi inadza chifukwa cha kukalamba kwa mapaipi ndi kusowa kwa madzi aukhondo, koma ikutikumbutsa kuti paipi ya suweji m'madera amenewa ndi nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo ife ogulitsa mbande sitiyenera kuwonjezera mtolo pa paipi yomwe yatopa kale.

Pamwamba napo pali malire. Mawaya a magetsi amadutsa m'mbali mwa msewu n'kulowa pa denga la nyumba iliyonse, ndipo nyumba zambiri zakale zili ndi denga la asibesitosi lomwe nthambi ikagwera limasweka. Mbali zonse kuli mpanda wa simenti wa mapanelo, womwe maziko ake ndi osazama, ndipo kuseri kwa mpandawo kuli mnansi amene naye ali ndi kadimba kofuna dzuwa.

Nyengo, dothi ndi madzi

Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo imalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800 pa chaka, makamaka kuyambira Novembala mpaka Malichi. Kutalika kumeneku kumachititsa kuti mu Juni ndi Julayi kuzizizira kwambiri usiku, ndipo m'malo otsika oyandikana ndi madambo chisanu chimawaula masamba a mitengo yanthete. Mtengo womwe umakula ngati udzu ku Chikwawa kapena m'chigwa cha Zambezi ukhoza kuima chilili ku Harare kwa miyezi itatu ya chisanu.

Dothi nalo silofanana. Kumpoto kwa mzindawu kuli katondo wofiira wosunga madzi. Kum'mawa ndi kum'mwera, monga ku Mabvuku, Epworth ndi Chitungwiza, kuli dothi lamchenga lochokera ku miyala ya nsangalabwi, lomwe limauma msanga ndipo chonde chake n'chochepa. Nyumba zomangidwa m'mphepete mwa madambo zili pa makande akuda, omwe amafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Pa makande oterewa mtengo waukulu umayamwa madzi mbali imodzi ya nyumba, dothi limakhwinyata, ndipo khoma limachita ming'alu ngakhale muzu sunakhudze maziko.

Madzi ndiwo vuto lalikulu. Mzindawu umadalira nyanja za Chivero ndi Manyame, koma m'malokeshoni ambiri mipopi imatha masiku osatulutsa kanthu, ndipo amayi ndi ana amafola pa mjigo ndi zigubu. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mtengo wongodzalidwa kumene umafuna malita osachepera 20 pa sabata m'nyengo yopanda mvula. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala pali masabata 26, kutanthauza malita 520 pa mtengo umodzi. Tikagulitsa mbande zisanu kwa banja limodzi, tawasenzetsa malita 2,600, omwe ndi maulendo 130 a chigubu cha malita 20. Chilala cha 2023 ndi 2024, chomwe chinachititsa boma la Zimbabwe kulengeza mu Epulo 2024 kuti dziko lili pa ngozi, chinationetsa kuti mbande yosathiriridwa m'chaka chake choyamba siipulumuka. Kugulitsa mitengo iwiri yomwe idzakhale ndi moyo kumaposa kugulitsa isanu yomwe idzauma.

Tanthauzo la mawu akuti "msanga"

Wogula akati akufuna mtengo wokula msanga, amatanthauza chimodzi mwa zinthu zitatu: mthunzi wokhalapo masana, zipatso kapena ndiwo za ana, kapenanso nkhuni, chakudya cha ziweto ndi chonde cha m'dimba. Chomwe akufunadi ndi phindu lofika msanga. Kutalika kwa mtengo ndi nkhani ina. Pa mtengo uliwonse tiyenera kudziwa manambala awiri: nthawi yomwe udzatenge kuti uyambe kupindulitsa, ndi kukula kwake ukadzakhwima.

Nambala yachiwiriyi ndi yomwe timaiwala. Mtengo wa mango womera pa njere ukakhwima, nthambi zake zimatha kutambasuka mamita 10 kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Mthunzi wake ndi wa masikweya mita pafupifupi 78, kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a poloti ya masikweya mita 300. Pansi pake repu samera, zovala siziuma. Mtengo wa mandimu wotambasuka mamita 4 umaphimba masikweya mita pafupifupi 13, ndipo papaya wotambasuka mamita 2 amaphimba atatu okha. Wogula akaona manambala amenewa atalembedwa pa pepala, kawirikawiri amasintha maganizo yekha popanda ife kumukakamiza.

Mitengo yopindulitsa m'chaka choyamba

Papaya ndiye yankho loyamba kwa banja lofuna zipatso mwachangu, makamaka lochita lendi lomwe silikudziwa ngati lidzakhalepo zaka zisanu. Mizu yake ndi yofewa, mthunzi wake ndi wochepa, ndipo kumalo otentha amabereka asanathe chaka. Ku Harare amachedwerapo chifukwa cha kuzizira, choncho tizilangiza kuti adzalidwe pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto, lomwe limalandira dzuwa nthawi ya chisanu n'kusunga kutentha usiku. Papaya amadana ndi madzi odikha. Pa makande adzalidwe pa kachulu. Wogula adziwe kuti papaya wamba amakhala wamwamuna kapena wamkazi, motero adzale mbande zitatu pa phando limodzi, ndipo zikachita maluwa asiye yaikazi yamphamvu. Mitundu ya haibulidi monga Red Lady imapereka mitengo yobereka yokhayokha, ndipo apa m'pamene mbewu ya m'paketi imaposa njere za papaya wogula pa msika wa Mbare Musika. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi papaya amatalika n'kuchepetsa zipatso, ndipo amafunika kudzala wina.

Cham'mwamba, chomwe akatswiri amachitcha Moringa oleifera, chimatha kukula mamita atatu m'nyengo imodzi, ndipo masamba ake ndi ndiwo zopatsa thanzi. Chimakonda malo otentha monga Binga ndi chigwa cha Shire, motero ku Harare chimayoyola masamba m'chisanu n'kuphukanso mu Seputembala. Chinsinsi chake ndi chikwanje. Chikafika mita imodzi chidulidwe nsonga kuti chichite nthambi, ndipo chaka chilichonse chizibwezedwa pa msinkhu wofikira dzanja. Chikasiyidwa chimakhala mzati wautali wothyoka ndi mphepo, masamba ali kutali ndi mphika.

Nthochi si mtengo kwenikweni, koma pa bwalo laling'ono imagwira ntchito ya mtengo. Imapereka mthunzi m'miyezi yochepa, ndipo imapirira madzi osambira ndi otsukira mbale kuposa papaya kapena mandimu. Phata lake lisasiyidwe kuti lifalikire: pakhale kholo limodzi, mwana mmodzi ndi mdzukulu mmodzi basi.

Mitengo ya zaka ziwiri mpaka zinayi

Kwa mwini nyumba yemwe angathe kudikira pang'ono, mandimu omezanitsa ndi mtengo wovuta kuuposa. Amayamba kubereka m'chaka chachiwiri kapena chachitatu, amakhala aafupi, sayoyola masamba, ndipo zipatso zake zili ndi msika chaka chonse. Minda ya malalanje ya ku Mazowe, kumpoto kwa Harare, ndi umboni woti nyengo ya kuno imagwirizana ndi banja la mitengo imeneyi. Mdani wake wamkulu ndi kachirombo kotupitsa masamba anthete, komwe kamafalitsa matenda ochititsa masamba chikasu ndi zipatso zopotoka zowawa. Mbande ya masamba a matuza siyenera kupezeka pakhonde la sitolo yathu.

Mapichesi a mitundu yosafuna chisanu chambiri amachita bwino ku Harare, ndipo ali ndi khalidwe lomwe limathandiza pa bwalo lopanikizika: amayoyola masamba m'nyengo yozizira, dzuwa n'kufika pa dimba ndi pakhonde pa nthawi yomwe likufunika. Gwafa naye amabereka msanga ndipo amapirira chilala, koma amafunika kuthenera chaka ndi chaka, ndipo njere zake zimamera paliponse pamene mbalame ndi ana azitaya. Mitengo iwiriyi imakondedwa ndi ntchentche zoikira mphutsi m'zipatso. Tizilangiza wogula kuti azitola zipatso zakugwa tsiku lililonse, kuzimanga m'thumba la pulasitiki lakuda n'kuziika padzuwa masiku angapo asanazikwirire.

Mabulosi amafuna kuti tiwanenere zonse ziwiri. Amamera pa nthambi yodula, amakula mofulumira, ana amakonda zipatso zake mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo masamba ake ndi chakudya chabwino cha akalulu ndi mbuzi. Koma mizu yake imayenda kutali kufunafuna madzi, ndipo zipatso zake, pamodzi ndi zitosi za mbalame zodya zipatsozo, zimadetsa zovala za pa chingwe, za mnansi zomwe. Walira mvula walira matope. Tiwagulitse kwa amene ali ndi ngodya yotalikirana ndi paipi mamita osachepera asanu, amenenso walonjeza kuti aziwadula kwambiri zipatso zikatha.

Mapeyala ndi mango ndi mitengo yomwe banja lililonse limalakalaka. Apa kusiyana kwa mbande yomezanitsa ndi yomera pa njere ndi kwakukulu. Peyala womezanitsa wa Hass kapena Fuerte amayamba kubereka m'zaka zitatu kapena zinayi, pamene wa pa njere akhoza kutha zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposa, n'kudzabereka zipatso zosafanana ndi za kholo lake, atatalika kale kuposa denga. Mango omezanitsa monga Tommy Atkins, Kent ndi Keitt nawo amabereka m'zaka zitatu kapena zinayi. Ngakhale zili choncho, pa poloti ya masikweya mita 300 malangizo athu ndi akuti pakhale mtengo umodzi wokha wa gulu limeneli, utalikirane ndi nyumba ndi mapaipi mamita osachepera asanu ndi limodzi, ndipo uzithenedwa kuti usapitirire mamita anayi. Ngati malo amenewa palibe, tinene mosabisa kuti palibe.

Zitsamba za chonde, ziweto ndi moto

Mu 2019 magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku ku Harare, ndipo kuyambira pamenepo ogula ambiri amafunsa za mitengo ya nkhuni. Tiyenera kuwauza chilungamo: bwalo la m'lokeshoni silingapereke nkhuni zokwanira banja chaka chonse. Chomwe lingapereke ndi tinkhuni toyatsira moto, masamba a ziweto ndi chonde.

Nandolo ndiye woyamba pa gulu limeneli. Amafika mamita awiri m'nyengo imodzi, amapereka ndiwo, masamba ake akugwa amawonjezera nayitrojeni m'nthaka, ndipo mitengo yake ikauma imayaka bwino. Jelejele, amene ndi Sesbania sesban, anafufuzidwa kwa zaka zambiri ndi bungwe la ICRAF ku Msekera pafupi ndi Chipata komanso ku Domboshawa kufupi ndi Harare, ndipo anaonetsa kuti amabwezera chonde m'nthaka yotopa. Koma kafukufukuyu anali wa minda ya chimanga. Jelejele ndi ombwe amasunga timinyongolotsi totupitsa mizu, tomwe timawononga tomato, therere ndi papaya. Pa kadimba ka ndiwo ka masikweya mita 20, kuwadzala pafupi ndi tomato n'kuitana mdani m'nyumba. Ombwe alinso ndi poizoni wopha nsomba, choncho masamba ake asatayidwe m'ngalande. Lukina amadyetsa bwino mbuzi, koma akasiyidwa kuti achite njere amadzaza bwalo lonse ndi la mnansi lomwe. Ngati wadzalidwa, akhale mpanda wometedwa asanachite maluwa.

Mitengo yomwe tiyenera kukana

Pali mitengo yomwe imakuladi msanga koma malo ake si pakhomo la m'lokeshoni. Bulugamu wa mtundu wa Eucalyptus grandis amatha kupitirira mamita 40, amamwa madzi ambiri, ndipo nthambi zake zimagwa popanda chenjezo. Malo ake ndi nkhalango ya pa famu, monga ya alimi a fodya ofuna nkhuni zoumitsira. Jakaranda amakongoletsa misewu ya pakati pa Harare ndi maluwa ake mu Okutobala, koma misewu imeneyo ndi yotakasuka. Pa poloti yaing'ono mizu yake imatukula simenti ya pakhonde. Kachere, mkuyu ndi abale awo ali ndi mizu yodziwa kusaka madzi kuposa ina yonse. Indiya, amene ndi Melia azedarach, amathyoka msanga ndipo zipatso zake zachikasu ndi poizoni kwa ana ndi nkhumba. Lantana, yemwe ena amamufuna ngati mpanda, ali pa mndandanda wa zomera zowononga m'lamulo la Zimbabwe la Environmental Management Act, ndipo sayenera kugulitsidwa.

Kukana kugulitsa ndi gawo la malonda. Wogula yemwe tamuuza chifukwa chomveka amabweranso, ndipo amabwera ndi mnzake. Mitengo yachilengedwe monga m'bawa ndi msuku, womwe Ashona amautcha muzhanje, ili ndi ulemu wake, koma m'bawa ndi waukulu kwambiri ndipo msuku umachedwa kubereka. Tiilozere ku masukulu, matchalitchi, mizikiti ndi mabwalo a masewero, makamaka pa tsiku lodzala mitengo lomwe Zimbabwe imachita Loweruka loyamba la Disembala kuyambira mu 1980, motsogozedwa ndi Forestry Commission.

Mafunso asanu pa kauntala

Safunsa anadya phula. Tisanapereke mbande iliyonse, tifunse mafunso asanu omwe satha ngakhale mphindi zitatu.

Loyamba: "Amayi, nyumbayo ndi yanu kapena mukuchita lendi?" Wochita lendi apatsidwe papaya, cham'mwamba kapena nandolo, ndipo ayambe wapempha chilolezo kwa mwini nyumba.

Lachiwiri: "Kuchokera pomwe mukufuna kudzalapo kufika pa khoma la nyumba ndi mapazi angati?" Phazi limodzi la munthu wamkulu poyenda ndi pafupifupi masentimita 70 kapena 80. Papaya ndi cham'mwamba zitalikirane ndi khoma mamita awiri, mandimu, mapichesi ndi gwafa mamita atatu.

Lachitatu: "Paipi ya kuchimbudzi imadutsa pati, nanga waya wa magetsi?" Ngati sakudziwa, akayang'ane chivundikiro cha simenti cha suweji, paipi imayenda molunjika kuchokera kuchimbudzi kupita pamenepo.

Lachinayi: "Madzi mumatunga kuti m'mwezi wa Seputembala?" Yankho lake likutiuza chiwerengero cha mbande zoti tigulitse.

Lachisanu: "Mvula ikagwa, madzi amadikha pabwalo masiku angati?" Ngati amadikha kupitirira tsiku limodzi, peyala sangakhale, chifukwa mizu yake imawola m'dothi lonyowa.

Kwa alimi a mbewu ndi eni manazale

Malangizo abwino pa kauntala sathandiza ngati mbande ndi yoipa. Njere za mapeyala, mango ndi mandimu zimafa zikauma, motero sizisungidwa m'mapaketi ngati nyemba. Zimafesedwa zikangochotsedwa m'chipatso. Njere za cham'mwamba zimataya mphamvu mofulumira m'sitolo yotentha, choncho paketi iliyonse ilembedwe mwezi ndi chaka chokolola. Tisanagulitse, tiyese kameredwe: tifese njere 100 mu mchenga wonyowa, tiwerenge zomera pakatha masiku 14, ndipo nambalayo tiilembe m'buku. Njere za lukina zili ndi khungu lolimba ndipo zimafuna kuviikidwa m'madzi otentha koma osawira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenaka m'madzi ozizira usiku wonse. Wogula sangadziwe zimenezi ngati sitinazilembe pa paketi.

Mbande yomezanitsa ioneke chipsera chake cholumikizira, chitapola bwino, ndipo ikhale ndi kachikwangwani kotchula mtundu wa pamwamba ndi wa tsinde. Takumanapo ndi mabanja omwe anagula m'mbali mwa msewu peyala wotchedwa womezanitsa, n'kudikira zaka zisanu ndi chimodzi osaona duwa. Kubera kotereku kumaipitsa dzina la tonsefe. Mbande yokhalitsa m'chubu imapinda mizu mozungulira, ndipo ikadzalidwa choncho imakhala yopinimbira kapena imagwa ndi mphepo pakapita zaka. Mbande yaitali kwambiri m'chubu chaching'ono imakopa maso, koma yaifupi ya tsinde lonenepa ndi yomwe imagwira.

Tikumbukirenso malamulo. Ku Zimbabwe wogulitsa mbewu amayenera kukhala ndi chiphaso cha Seed Services Institute motsatira lamulo la Seeds Act, ndipo zomera zolowa kapena kutuluka m'dziko zimafuna zikalata za Plant Quarantine Services Institute ya ku Mazowe. Pakati pa mabanja athu pali chizolowezi chabwino chotengera achibale kanthu kochokera kumudzi pa basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Koma ana a nthochi asakhale m'gulu la mphatso zimenezi. Matenda a chisaka, omwe amafinya masamba a nthochi pamwamba n'kuiletsa kubereka, anawononga minda yambiri ku Nkhata Bay, Thyolo ndi Mulanje, ndipo amayenda mosavuta m'mphukira yooneka yathanzi.

Kudzala ndi chaka choyamba

M'mera mpoyamba. Nthawi yabwino yodzala ku Harare ndi pamene mvula yakhazikika, kumapeto kwa Novembala mpaka Januwale, kuti mizu izame chilimwe chisanafike. Dzenje la mtengo wa zipatso likhale la masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya. Dothi la pamwamba lisakanizidwe ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owola bwino, n'kubwezeredwa pansi. Chubu chichotsedwe, mizu yopindika idulidwe, ndipo mbande ikhale pa mlingo womwe inali m'chubu, chipsera cholumikizira chili pamwamba pa nthaka. Mozungulira pakhale kabeseni kosunga madzi, kophimbiridwa ndi udzu wouma, koma udzuwo usakhudze tsinde poopa chiswe ndi kuwola.

Mphukira iliyonse yotuluka m'munsi mwa chipsera ichotsedwe, chifukwa ikasiyidwa imagonjetsa mtundu wabwino wa pamwamba. Mu Juni ndi Julayi mbande za papaya, mango ndi cham'mwamba zitchingidwe ndi udzu usiku. Madzi otsukira mbale ndi osambira angathe kuthirira mtengo, bola asakhale ndi mankhwala oyeretsera zovala kapena mafuta ambiri, ndipo nthawi ndi nthawi pathiridwe madzi abwino kuti mchere wa sopo usaunjikane. Nthambi ikayandikira waya wa magetsi, mwini nyumba aitane a ZETDC. Asakwere yekha ndi chikwanje.

Tibwerere kwa mayi uja waima pakhonde la sitolo. Titamufunsa mafunso asanu aja, tapeza kuti nyumba ndi yake, ili ku Mabvuku pa dothi lamchenga, kuseri kuli malo a mamita anayi pakati pa khoma ndi mpanda, paipi ya suweji imadutsa mbali ya kumadzulo, ndipo madzi amatunga pa mjigo. Peyala yemwe ankamufuna palibe malo ake. Tikumupatsa mbande imodzi ya mandimu omezanitsa yoti adzale pa ngodya ya kum'mawa, mbande zitatu za papaya za phando limodzi pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto, ndi kapaketi ka nandolo koti afese motsatira mpanda. Madzi ake ndi zigubu ziwiri pa sabata, zomwe angathe kusenza. Chaka chamawa adzakhala ndi kamthunzi ndi ndiwo za nandolo, papaya adzatsatira, ndipo m'chaka chachitatu adzathyola mandimu oyamba. Tisanamutsanzike tilembe m'buku dzina la mitundu yomwe watenga ndi tsiku lake, kuti akadzabweranso mu Novembala wotsatira tidzayambe ndi kumufunsa kuti, "Amayi, mandimu aja ali bwanji?"